Ma direct out a balanced pa mikisa yakale ya matchanelo 24: titape pati, ndipo tiike IC kapena marezisita basi?

Kaswida_Rec
Moni akuluakulu nonse. Pali mikisa ya analogi ya m'zaka za m'ma 1980, matchanelo 24, ma group 4, koma direct out (potulukira signal ya tchanelo iliyonse payokha) ilibe ngakhale imodzi. Tchanelo iliyonse ili ndi insert (polumikizira chipangizo china pakati pa tchanelo) ya jeki ya TRS (ya tip, ring ndi sleeve) basi. M'kati muli ma op-amp (ma IC okweza signal) a TL072, magetsi ake ndi +15V ndi -15V ochokera ku power supply yapadera, ndipo schematic ilipo. Ntchito yake ndi kujambula magulu a kaswida ndi makwaya kuno ku Mangochi, maiki iliyonse pa track yake, kulowa mu interface (bokosi lolowetsa mawu mu kompyuta) ya ma input 16 yomwe ili mamita 4 kuchokera pa mikisapo. Nthawi zina mikisa yomweyo imatumizanso mawu ku masipika a oimba. Ndithandizeni: signal nditape pati? Balanced (output ya mawaya awiri yokana phokoso) ndiipange ndi chiyani? Nanga power supply ipirira?

Fyuzi13A
Gulani mikisa ya digito ya X32 muzigona tulo, achimwene.

Kaswida_Rec
Ma preamp a mikisa imeneyi ndi amene akufunidwa, bwana. Komanso ndalama ya X32 palibe.

Che_Osilo
Tiyambe ndi funso loyambalo, chifukwa ntchito zambiri zotere zimawonongekera pamenepo, osati pa balanced. Tengani schematic mutsate tchanelo imodzi ndi chala. Pa mamikisa ambiri a nthawi imeneyo signal imachoka pa preamp, n'kudutsa pa insert, EQ, batani la mute, fader, op-amp yokweza ya pambuyo pa fader, kenako pan. Ena insert amaiika EQ itadutsa kale, ndiye muonetsetse pa yanuyo.

Kulikonse kumene musankhe, tapani pa mwendo wotulutsa wa op-amp. Pa TL072 ndi pin 1 kapena pin 7. Musatape pa wiper (mwendo woyenda) ya fader. Fader ya 10k impedance ya pa wiper pake siikhazikika: kumapeto imakhala pafupi ndi ziro, chapakati imafika 2.5k. Mukalumikiza chinthu pamenepo, manambala olembedwa m'mbali mwa fader amasiya kunena zoona, ndipo tchanelo imene mwaigwira imasiyana ndi zinzake pa mix. Ngati mukufuna post-fader, pitani pa op-amp yotsatira faderyo.

Koma poti mwati mikisa yomweyo imadyetsanso masipika a oimba, ine ndingati tapani fader isanafike, mute isanafikenso. Mtsogoleri wa nyimbo akati "tandikwezereniko," dzanja lanu likapita pa fader, zimenezo zisalowe mu rekodi. Za EQ ndi kukonda kwanu. Pre-EQ imakupatsani mawu a preamp okhaokha, post-EQ imajambula zonse zomwe mwapotokola ndipo simungazibweze.

MayiSodala
Osasankha lero zinthu zomwe mungasinthe maganizo mawa. Ikani header ya mapini atatu pa kabolodi kanu: pini yapakati ipite ku direct out, ina ku pre-EQ, ina ku post-EQ, jumper n'kumasuntha. Mawaya awiri otapawo akhale aafupi, asapitirire masentimita 10, ndipo asadutse pafupi ndi ma transistor a pa input ya maiki. Signal ya line level ikayandikana ndi input ya gain ya 60 dB, mikisa imatha kuyamba kuimba yokha pamwamba pomwe khutu silimva, inu n'kumangodabwa kuti ma op-amp akutentha bwanji.

WayaWofiira
Funso lachiwiri ndiyankhe ine. THAT1646 kapena DRV134, ma IC opanga balanced output, imodzi pa tchanelo. Za DIP ya miyendo 8 zimalowana pa soketi imodzi: pin 1 ndi Out-, pin 2 Sense-, pin 3 ground, pin 4 input, pin 5 magetsi a negative, pin 6 a positive, pin 7 Sense+, pin 8 Out+. Pakati pa pin 1 ndi 2 ikani kapasita ya 10uF yopanda polarity, pakati pa 8 ndi 7 chimodzimodzi. Ntchito yake ndi kuchepetsa DC yomwe imaonekera pa miyendo yonse iwiri yotulutsa. Pa pin 5 ndi pin 6 ikani 100nF iliyonse kupita ku ground, pafupi penipeni ndi IC, osati kutsidya kwa bolodi.

Ubwino wake ndi uwu: gain ndi 6 dB, ndipo munthu akalakwitsa n'kulowetsa pulagi ya TS yomwe imagundanitsa ring ndi ground, IC imangosamutsira signal ku mwendo winawo, mphamvu ya mawu siisintha kwenikweni. Zimene sindingakulangizeni ndi zija za NE5532 imodzi, theka lina buffer theka lina inverter. Pa balanced input imagwira bwino, koma cold (waya wa ku ring) ikagunda ground op-amp imeneyo imakankhira current yake yonse mu ground, ndipo zinyalala zake zimamveka m'matchanelo oyandikana nawo.

SSM2142 mukaiona pa schematic zakale ndi banja lomwelo, koma anasiya kupanga.

Mita_Yakale
Zonse zomwe anena a WayaWofiira n'zoona, koma pa mamita 4 mukugula chinthu chomwe simukuchisowa. Pangani impedance balanced. Pa tchanelo iliyonse: kuchokera pa op-amp, kapasita ya 100uF, kenako rezisita ya 75 ohm, kupita ku tip. Ku ring: kuchokera pa ground ya audio ya tchanelo yomweyo, kapasita ina ya 100uF, rezisita ina ya 75 ohm. Pambuyo pa kapasita iliyonse ikani 100k kupita ku ground kuti isamaphulike "phwa" polowetsa pulagi. Marezisita akhale a metal film a 1%. Basi, mwatha. Palibe IC, palibe current yowonjezera pa power supply yokalambayo.

MnyamataWaPA
Aaa madala, imeneyo ndi balanced yabodza. Ku ring kulibe signal.

Mita_Yakale
Chimene chimapha hamu (kulira kwa magetsi) si signal yokhala pa mawaya onse awiri, mphwanga. Input ya interface imachotsera zomwe zili pa ring kuchokera ku zomwe zili pa tip. Phokoso lomwe waya watola m'njira likafika lofanana pa mawaya awiriwo, limathera pomwepo. Ndipo kuti lifike lofanana, mawaya awiriwo ayenera kuona impedance yofanana kupita ku ground. N'chifukwa chake ku ring kuli rezisita ndi kapasita zomwe zikuoneka ngati sizikugwira ntchito. Signal ya mbali zonse ziwiri imangokupatsa 6 dB yowonjezera, siichotsa hamu. Tsegula mamikisa ang'onoang'ono ambiri amasiku ano, ma aux ndi ma group out ake ndi otere.

MnyamataWaPA
Ndiye kapasita ya ku ring bwanji? Kumeneko DC kulibe.

Che_Osilo
Funso labwino limenelo, ndipo ambiri amaisiya. Kapasita ili ndi kukana kwake komwe kumakula frequency ikamatsika. Pa 50 Hz, yomwe ndi frequency ya magetsi athu komanso ya hamu, 47uF imakhala ngati 68 ohm, 100uF ngati 32 ohm, 220uF ngati 14 ohm. Ndiye mukafananitsa marezisita mpaka 1% koma kapasita n'kukhala mbali imodzi yokha, mwasiyanitsa miyendo iwiriyo ndi ma ohm makumi angapo pa frequency yeniyeni yomwe mumafuna kuipha. Pa input wamba ya 10k mwendo uliwonse, kusiyana kwa 10 ohm kumakusiyirani pafupifupi 60 dB ya kukana phokoso, kusiyana kwa 68 ohm kumatsitsa kufika cha m'ma 43 dB.

Ndipo poti ma electrolytic amasiyana okha mpaka 20%, ndi bwino kukweza mtengo wake. 220uF mbali zonse, ngakhale zitasiyana, kusiyanako ndi ma ohm awiri kapena atatu basi.

WayaWofiira
Chabwino, koma nanga level? Mamikisa ambiri a ku Britain m'kati mwake amayenda pa -2 dBu. Onjezani 6 dB ya 1646, mwafika +4 dBu ndendende. Si mwangozi zimenezo, anakonza dala. Ndi marezisita okha mukutumiza -2 dBu ku input yomwe ikuyembekeza +4.

Mita_Yakale
Ikuyembekeza ndani? Tiwerengere. TL072 pa 15V mbali zonse imafika cha m'ma +21 dBu isanayambe kudula nsonga. Ma interface ambiri amadzaza pakati pa +18 ndi +24 dBu. Titenge ya +18: signal ya -2 dBu ifika pa -20 dBFS (20 dB pansi pa pomwe interface imadzaza), malo abwino kwambiri ojambulira pa 24 bit, ndipo interface ndi mikisa zidzadzaza pafupifupi nthawi imodzi. Ikani 1646, mikisa itha kutulutsa kupitirira +24 dBu, interface n'kufiira nyali ya clip ya pa tchanelo isanaphethire n'komwe. Mudzayamba kutsitsa gain ya preamp kuti mupulumutse converter. A Kaswida_Rec, onani pa buku la interface yanu nambala ya maximum input level pa line, ndi imene iweruze mlanduwu.

Kaswida_Rec
Buku likuti +18 dBu pa line input, impedance 10k. Schematic ya mikisa yalemba -2 dBu pa insert.

Mita_Yakale
Mlandu watha.

WayaWofiira
Pa mikisa iyi ndavomera. Koma wina asawerenge izi n'kukachita pa Tascam zakale za -10 dBV. Imeneyo ndi 0.316V, pamene +4 dBu ndi 1.228V, kusiyana pafupifupi 12 dB. Kumeneko pamafunika chokweza, ndipo ngakhale 1646 yokha imangokufikitsani theka la ulendo. Komanso TL072 siikonda load yotsika kuposa 2k. Op-amp yomwe mukutapayo ili kale ndi ntchito: fader ya 10k, ma aux a pre-fade, PFL (batani lomvera tchanelo payokha). Muwonjezerepo 10k ya interface. Werengerani zonsezo mu parallel musanasangalale.

Che_Osilo
Apa a WayaWofiira alasa. Fader ya 10k, mapoti awiri a aux a 22k, ndi interface ya 10k zimapanga pafupifupi 3.4k. Ikadali bwino. Koma direct out ikadzalowa mu chipangizo chakale cha 600 ohm, TL072 idzagonja, mawu okwera adzayamba kukanda. Ngati zimenezo zingadzachitike, pamafunika buffer yapadera. Palinso china: popanda buffer, chilichonse choipa chochitika pa waya wa direct out chimabwerera mu tchanelo. Tip ikagunda ground, op-amp ikuona 75 ohm yokha, ndipo mawu a tchanelo imeneyo pa mix amawonongeka nthawi yomweyo.

Rezisita ya 75 ohm ija musaichotse kapena kuichepetsa kupitirira 47. Waya wa shield amakhala ndi pafupifupi 100pF pa mita, ndipo op-amp ikaona capacitance imeneyo mwachindunji imayamba oscillation. Iikeni kumbali ya op-amp, osati kujeki.

Fyuzi13A
Inu mukukangana za ma dB pamene makapasita a mu power supply ali ndi zaka 40. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa?

MayiSodala
A Fyuzi lero mwayankhula zanzeru. Funso lachitatu lija tiliyankhe bwinobwino, chifukwa likukhudza aliyense amene asankhe njira ya IC. 1646 kapena DRV134 imadya pafupifupi 5 mA pa rail iliyonse ili chete. Matchanelo 24 ndi 120 mA, 16 ndi 80 mA. Zikuoneka zochepa, koma yezani voteji yomwe ikulowa mu regulator. Ikakhala 24V ndipo ikutuluka 15V, regulator ikumeza 9V, ndiye 120 mA ndi watt imodzi ndi pang'ono yowonjezera pa heatsink yomwe mwina ikuwotcha kale chala. Regulator ya 7815 ikatenthetsa imadzizimitsa yokha. Rail imodzi ikagwa inzake ili moyo, masipika amalandira chibakera.

Mbali ina ndi yoipa kuposa pamenepo. 7815 imafuna kuti cholowa chikhale pamwamba pa chotuluka ndi 2V kapena kuposerapo pang'ono, nthawi zonse, ngakhale pansi penipeni pa ripple. Ngati cholowa chili 21V magetsi ali pa 230V, akatsika kufika 200V chimagwa kufika 18.3V. Chotsanipo ripple: 4700uF pa 1A imapereka pafupifupi 2V kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo kapasita youma imapereka yoposa apo. Mwalowa kale m'madzi. Chizindikiro chake ndi kulira kwa 100 Hz pa ma output onse nthawi imodzi, makamaka madzulo anthu akayatsa zophikira. Load iliyonse yowonjezera imafulumizitsa zimenezi.

Ndiye musanawotcherere chilichonse pa matchanelo, sinthani makapasita akuluakulu a mu power supply, muike a 105°C, pakani mafuta atsopano a heatsink pansi pa ma regulator. Ndipo muwatsitse chaji ndi rezisita musanawagwire.

KuMonkeyBay
Ndipo pasapezeke wina wokuuzani kuti muchotse ma TL072 onse muike NE5532 "kuti imveke bwino." TL072 imadya pafupifupi 3 mA, NE5532 pafupifupi 8 mA. Pa ma IC 70 kapena 80 power supply imafa tsiku lomwelo. Komanso 5532 input yake ndi ya bipolar, imakoka bias current, ndiye mapoti a EQ omwe analibe kapasita yotchinga DC amayamba kukhwekhwereza mukamawapotokola.

Fyuzi13A
Nanga za jenereta bwanji? Theka la ntchito za kumidzi, ku Namwera, ku Malindi, ku Makanjira, ndi za jenereta.

KuMonkeyBay
Tijenereta tating'ono ta two-stroke voteji yake imavina ndi load, ndipo ampulifaya ikakoka pa bass mikisa imamva. Ya inverter ndiyo yabwino pa zojambula. Mulimonsemo, yezani ndi mita musanalumikize mikisa, ndipo muyatse jenereta ikhazikike kaye.

MnyamataWaPA
Ine ndimayatsa zonse pamodzi, sizinapsepo.

MayiSodala
Sizinapsebe.

Thiransi600
Palibe amene watchula thiransifoma. Ya 1:1, 600 kwa 600, ndi yokhayo yomwe imadula ground pakati pa mikisa ndi chipangizo chinacho. Marezisita ndi ma IC amachepetsa hamu, thiransifoma imachotsa njira yomwe hamuyo amadutsa. Jensen, Lundahl, Carnhill, Sowter, onsewa amapanga zabwino.

Mita_Yakale
Kugula 16 za zimenezo ndi kugula mikisa ina, achimwene.

Thiransi600
Sindinati 16. Ziwiri, m'kabokosi kapadera, za tsiku lomwe signal ikupita kutali: ku ampulifaya ya kutsidya kwa holo yomwe ili pa soketi ina, kapena ku kamera. Koma zotchipa zazing'ono ngati chala muzisiye. Core yaing'ono imakhuta pa frequency yotsika, ng'oma yaikulu ikagunda pa +15 dBu mumamva kuphwanyika pamene 1 kHz ikuyeza bwinobwino. Thiransifoma imafunanso choikankha champhamvu, 5532 kapena choposa, chokhala ndi kapasita yotchinga DC, ndipo ikhale kutali ndi thiransifoma ya magetsi chifukwa imatola 50 Hz m'mphepo. Mukaitembenuza pang'onopang'ono mumamva hamu ikukwera ndi kutsika, muimange pomwe yatsikitsitsa.

Che_Osilo
Tibwerere pa mikisa ya a Kaswida_Rec, chifukwa chatsala ndi chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yolira: ma ground awiri omwe anthu amawasokoneza.

Woyamba ndi ground ya rezisita ya ku ring. Imeneyi itengedwe pa bolodi la tchanelo yomweyo, pafupi ndi op-amp yomwe mwatapa. Osati pa chassis, osati pa waya mmodzi wa ground woyenda m'majeki onse 16. Chifukwa chake n'chakuti signal ya pa tip imayezedwa kuchokera pa ground ya pamalo pomwepo. Ring ikanyamula ground yomweyo, interface imachotsera kusiyana kulikonse kwa pakati pa mikisa ndi iyo. Mukaitenga kwina, phokoso lonse la pakati pa malo awiriwo lalowa mu rekodi ngati nyimbo. Ndiye kuchokera pa tchanelo kupita kujeki payende mawaya awiri opotana, hot ndi cold.

Wachiwiri ndi sleeve, kapena pin 1 ngati mwaika XLR. Imeneyi ipite ku chassis pomwepo pamene jeki yalowera, ndi waya waufupi kwambiri. Isapite ku ground ya audio ya pa bolodi. Shield imanyamula current ya ground loop ndi zonse zomwe yatola, za chaja ya laputopu, za foni, za mawayilesi. Mukaidutsitsa pa bolodi la tchanelo, current imeneyo imayenda m'njira yomwe ma op-amp amayezerapo ziro wawo. Vutoli Neil Muncy analilemba mu 1995, ndipo pambuyo pake linalowa mu muyezo wa AES48. Mamikisa ambiri a m'ma 80 ali nalo pa majeki ake akale, musalionjezere pa atsopano. Palani penti pomwe nati ikugwira, muike washa ya mano.

MnyamataWaPA
Kapena kungothyola pini ya earth pa pulagi, hamu imatha pompo.

Fyuzi13A
Iwe. Usadzanenenso zimenezo pagulu pano. Pini yaitali ija ndi imene imaphulitsa fyuzi live akagunda chitsulo. Ukaichotsa, live n'kugunda chitsulo, chassis, shield, ndi maiki yomwe mayi akuimbira itagunda pakamwa, zonse zimakhala pa 230V. Mikisa, interface, laputopu ndi masipika zichokere pa extension imodzi, pa soketi imodzi. Loop imachepa yokha.

KuMonkeyBay
Kunyanja kuno anthu amati vuto ndi mchenga, ndodo ya earth siigwira pouma. Pa chitetezo n'zoona, ndodo ifike ponyowa. Koma kukhoma ndodo ina ya studio yokha sikuchotsa hamu ya ground loop, loopyo ili pakati pa zipangizo zanu zomwe. Nthawi zina mumangowonjezera njira yachitatu.

Kaswida_Rec
Zikomo nonse. Funso lina: pali njira yoyesera zonsezi ndisanaboole chitsulo?

MayiSodala
Ilipo, ndipo ena amathera pomwepo osaboolanso. Pangani waya wa pa insert. Mbali ya mikisa, pulagi ya TRS, tip ndi ring muzilumikize pamodzi m'kati mwa pulagi kuti signal ipitirire mu tchanelo. Kuchokera pa mfundo imeneyo, waya wa hot apite ku tip ya mbali ya interface. Waya wa cold alumikizidwe ku sleeve ya mbali ya mikisa kudzera pa rezisita yofanana ndi yomwe ili pa insert send mu schematic, ikhale 75 kapena 100 ohm. Karezisita ka 1/8 watt kamakwana m'pulagi, kavekeni heatshrink. Pakutero zilibe kanthu kuti send ili pa tip kapena pa ring, poti mwazigwirizanitsa.

Kuipa kwake: insert yatha, compressor mulibe poiika, ground ya cold mwaitenga pa sleeve osati pa op-amp, ndipo majeki a zaka 40 omwe apuma chinyontho cha kunyanja sadalirika. Atsukeni ndi contact cleaner, mulowetse ndi kutulutsa pulagi kangapo. WD-40 wamba ayi, imasiya mafuta omwe amagwira fumbi.

WayaWofiira
Chenjezo kwa onse, a IC ndi a marezisita: phantom, magetsi a 48V odyetsa maiki. 48V imadutsa pa marezisita a 6.8k kupita pa pin 2 ndi pin 3. Mukatenga direct out n'kuilowetsa pa XLR ya interface batani la 48V lili loyaka, voteji imeneyo yafika pa output yanu. Gwiritsani ntchito TRS mbali ya interface, pa ma combo jack ambiri phantom siifika ku TRS, koma yezani ndi mita kuti mutsimikize. A marezisita, makapasita anu akhale a 63V, mwendo wa plus uyang'ane kujeki ngati mukuopa phantom, kapena mugule a bipolar. A 1646, ikani ma diode a 1N4004 kuchokera pa output iliyonse kupita ku ma rail onse awiri, anayi pa tchanelo.

Ndipo ma IC amenewa abodza ndi ambiri pa misika ya pa intaneti. Ikani masoketi, yesani imodziimodzi pa breadboard, muone ngati ikudya cha m'ma 5 mA ndiponso ngati miyendo iwiri ikutulutsa zofanana motembenuzana.

KuMonkeyBay
Za kuboola. Chotsani panelo yonse pa mikisa musanayambe, kapena tulutsani ma module onse. Tizidutswa ta chitsulo tikagwera mu fader ndi m'mapoti, simudzatichotsa. Gwiritsani step drill, ndipo yezani khosi la jeki yomwe mwagula chifukwa amasiyana. XLR ya D-size imafuna bowo la 24 mm, ndiye 16 za zimenezo kumbuyo kwa mikisa yakale sizikwana. Njira yosunga malo ndi DB25 (kolumikizira ka mapini 25) ziwiri, iliyonse matchanelo 8 a balanced, mawaya ake motsata dongosolo la Tascam lomwe linadzakhala AES59. Chenjerani kuti DB25 za digito za Yamaha mapini ake ndi ena.

Onaninso pa edge connector ya module ngati pali mapini osagwiritsidwa ntchito. Akakhalapo awiri oyandikana, hot ndi cold zidutse pamenepo kuti module izitulukabe popanda kudula waya. Akasowa, ikani kapulagi ka mapini atatu pa waya wanu. Amene adzakonze mikisayo pambuyo panu asadzapeze ma module 16 omangidwa pa panelo ngati mbuzi pa chikhomo.

MayiSodala
Mabolodi a nthawi imeneyo ambiri ndi a phenolic a mbali imodzi, njira za kopa zimasupuka msanga. Chowotcherera chikhale pa 330 mpaka 350°C, mtovu wa 60/40, masekondi atatu pa mfundo. Wotchererani pa mwendo wa chipangizo chomwe chilipo kale, musapale njira. Waya mum'mange ndi cable tie kuti kukoka kusafike pa mfundoyo. Chitani tchanelo imodzi, muiyeze, kenako zinazo.

Kaswida_Rec
Tchanelo 1 yatheka: pre-fader, post-EQ, 220uF ndi 75 ohm mbali zonse, sleeve ku chassis. Toni ya 1 kHz pa 0 ya mita ya mikisa ikufika -20 dBFS. Hamu sikuoneka pa spectrum mpaka pansi. Koma pali chodabwitsa. Signal yomweyo yojambulidwa pa direct out ndi pa waya wa insert, ndikaziphatikiza mu kompyuta mawu akuchepa kwambiri m'malo mokwera.

Che_Osilo
Polarity imeneyo. EQ yanu ili ndi stage yotembenuza signal, ndipo mikisa imadzaibweza kutsogolo, pa op-amp ya fader kapena pa mix bus. Inu mwatapa pakati. Kuzani ma waveform awiriwo pa sikirini, muona wina akukwera pamene mnzake akutsika. Yesaninso batani la EQ lili mkati ndi kunja, chifukwa pa mamikisa ena polarity ya pamalo pamenepo imasintha ndi batanilo.

Ngati matchanelo onse 16 atapidwa pa malo amodzi, onse ndi otembenuka mofanana ndipo pakati pawo palibe vuto. Vuto limabwera mukasakaniza: ena pre-EQ ena post-EQ pa ma jumper aja, kapena direct out pamodzi ndi group out, pa ng'oma imodzi kapena pa kwaya yomwe maiki akumverana.

WayaWofiira
Pa 1646 mukanangosinthanitsa pin 1 ndi pin 8 pa jeki.

Mita_Yakale
Pa marezisita zimathekanso, signal ku ring, rezisita ya ground ku tip. Balanced input iwerenga bwinobwino ndipo polarity yabwerera. Koma tsiku lomwe wina adzalowetse pulagi ya TS, sipadzatuluka kanthu ndipo op-amp idzakhala ikukankha 75 ohm kupita ku ground. Ine ndingasiye signal ku tip, n'kulemba pa panelo kuti post-EQ ndi yotembenuka, n'kumaibweza mu kompyuta pa template.

Kaswida_Rec
Batani la EQ likasintha, polarity sikusintha. Ndisiya ku tip. Makapasita a 220uF a 63V ndi aakulu, awiri sakukwana pakati pa ma module. A 25V angachite?

MayiSodala
Angachite ngati mbali ya interface ndi TRS yokha ndipo mwayeza kuti 48V siifikako. Agonekeni chammbali pa kabolodi, thupi lake lisapitirire 8 mm, muyeze mpata ndi module yoyandikana nayo ili m'malo mwake, makamaka pomwe pali mapoti a aux.